Bampala yang'ambika, lamba wa chitseko wamatuka: konzani nokha pakhomo

Galimoto zambiri zimene zikuyenda mu Lusaka muno, kaya ndi Allion, Vitz, Corolla, Spacio kapena Noah, zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan. Mapulasitiki ake akunja anafika ali okalamba kale, ndiye kuno apezana ndi dzuwa la mtundu wina. Mzinda wathu uli pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo dzuwa la mu Seputembala ndi Okutobala limaumitsa pulasitiki mpaka kuyamba kuthyoka ndi kanthu kochepa. Onjezanipo mahampu, ngalande za pageti, maenje obisala m'madzi nthawi ya mvula ku Kanyama ndi ku Chawama, ndi kukhulana ndi maminibasi mu Lumumba Road madzulo. N'chifukwa chake paliponse mukuona mabampala olendewera, omangidwa ndi waya kapena chingwe cha lekeni.

Zambiri mwa zimenezi mungakonze nokha Loweruka limodzi, ndi ndalama yochepa. Koma musathamangire supagulu. Ambiri amayambira pamenepo, nathira botolo lonse pamng'alu, mawa lake pahampu yoyamba n'kumva kuti thwa, zabwerera pakale. Vuto si kuchepa kwa guluu. Pulasitiki ya bampala ndi ya mtundu umene guluu wamba saugwira, ndipo ntchito yonse yagona pa kudziwa mtundu wa pulasitiki imene muli nayo m'manja.

Yambani ndi kutsuka, kenako makilipi

Tsukani malo owonongekawo ndi madzi ndi sopo wotsukira mbale, kunja ndi kumbuyo komwe. Kumbuyoko n'kumene kumakhala matope ouma a dzinja latha ndi mafuta, ndipo n'komwe mudzagwirire ntchito. Mswachi wakale umalowa bwino m'makona.

Pakauma, gonani pansi muyang'ane bwinobwino. Nthawi zambiri chimene chikuoneka ngati chathyoka chimakhala chitangomasuka. Bampala, pulasitiki ya m'kati mwa madigadi ndi ija ya kunsi kwa injini zimagwidwa ndi timakilipi takuda tolowetsa m'mabowo, pamodzi ndi mabawuti ochepa amene pa galimoto za ku Japan nthawi zambiri amamasulidwa ndi sipanala ya 10. Makilipi akatha awiri kapena atatu, ngodya ya bampala imagwa, ndipo pulasitiki ya m'madigadi imayamba kukhula tayala mukamakhota.

Chotsani kilipi imodzi yabwinobwino. Tukulani kamutu kake ka pakati ndi sikuludiraiva yafulati, kenako zulani yonse. Itengeni m'thumba popita kumashopu a zipangizo za galimoto m'tauni, monga a mu Chachacha Road ndi Freedom Way, mukangoti, "Abwana, ndipatseni zofanana ndi iyi." Musagule za m'maso. Mabowo amasiyana, ena ndi a mamilimita 7, ena 8, ena 9 kapena 10, ndipo kilipi yochepa ndi milimita imodzi yokha idzagwa musanafike n'komwe kunyumba. Gulani zoposa zimene mukufuna, chifukwa pomasula zina zakale zidzathyokera m'manja.

Ngati bowo la pulasitiki lang'ambika moti kilipi ilibe pogwira, boolani lina pafupi, mumange ndi cable tie yakuda. Zoyera zija zimafulumira kuuma padzuwa.

Werengani zimene zalembedwa kumbuyo

Ngati pali mng'alu weniweni, chotsani chinthucho pagalimoto. Pali ena amayesa kuwotcherera bampala ili pomwepo, koma kumbuyo simungafikeko bwino, ndipo moto pafupi ndi mawaya ndi mafuta si nzeru. Musanaikoke, pisani dzanja kumbuyo mumasule mapulagi a nyali za m'munsi ndi a masensa ngati alipo. Iyaleni pa bulangete lakale kuti penti asakandike.

Tsopano funani zilembo zodindidwa kumbuyo kwake, zimene zimakhala pakati pa tizizindikiro tiwiri tosongoka. Mukaona >PP<, >PP+EPDM< kapena TPO, dziwani kuti ndi banja la polypropylene. Mabampala ambiri, mapulasitiki a m'madigadi ndi malamba akuda a m'munsi ndi a mtundu umenewu. Ndi yofewa, imapindika osathyoka msanga, koma khungu lake ndi loterera ngati lili ndi mafuta, ndiye supagulu ndi epoxy wamba amangokhala pamwamba n'kusendeka. Imeneyi imafuna moto basi.

Mukaona >ABS<, nkhani ndi ina. Imeneyi ndi yolimba, mukaigogoda imalira, ndipo imapezeka kwambiri pa magirilo a kutsogolo, zikuto za magalasi a m'mbali ndi zokongoletsa zonyezimira. ABS imalola guluu, ndiponso imasungunuka mu acetone.

Zilembo zikakhala kuti sizikuoneka, donthezani acetone pang'ono kumbuyo, pamalo obisika, mudikire kamphindi n'kukhudza ndi chala. Pakamata, ndi ABS. Pakangouma popanda kusintha, nthawi zambiri ndi PP. Mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo angagwire ntchito imeneyi, bola muwerenge pabotolo, chifukwa ena alibe acetone.

Kuwotcherera bampala ya PP

Apa ndiye pofunika kudekha. Mufunika soldering iron, ija amagwiritsa ntchito okonza mawailesi ndi mafoni, makamaka ya nsonga yafulati. Mufunikanso kachidutswa ka waya wa gozi wachitsulo, uja wa m'mawindo wotchinga udzudzu, sandipepa wa 80 ndi wa 180, tepi ya pepala, ndi chidutswa cha bampala ina yakufa ya mtundu womwewo. Chidutswachi pitani mukapemphe kwa ma panel beater a m'dera lanu. Amakhala ndi milu ya mabampala osweka kuseri kwa garaja, ndipo ambiri amangokupatsani kapena kukuuzani kuti musiye ya drinki. Onani kuti zilembo za kumbuyo kwake zikufanana ndi zanu. Chipaleni penti, muchidule timizere topyapyala, totalika ngati chala ndi theka.

Ndaona anthu akusungunula cable tie kuti ikhale yodzazira mng'alu. Musatero. Cable tie ndi ya nayiloni, siigwirizana ndi PP. Pooneka zimakhala ngati zagwirana, koma mukapinda pang'ono zimalekana.

Choyamba boolani kabowo kakang'ono, ka mamilimita 3, pamapeto penipeni pa mng'alu. Kabowoka kamaletsa mng'alu kupitirira. Ngati mulibe dirilo, msomali wotentha umaboola bwino. Kenako lumikizani milomo iwiri ya mng'aluwo kuti ifanane kutsogolo, mumate tepi ya pepala kunja kuti isasunthe. Gwiritsani nthawi pamenepa, pakuti mukawotcherera zitapotoka, zidzakhala zopotoka mpaka kalekale.

Tembenuzani bampala. Kwechani ndi sandipepa wa 80 mbali zonse ziwiri za mng'alu, zala ziwiri uku ndi zala ziwiri uku, mpaka pulasitiki yeniyeni ioneke, n'kupukuta ndi sipiriti. Ndi nsonga ya soldering iron, gwirizitsani mng'aluwo m'malo angapo motalikirana, kuti zonse zikhale m'malo mwake. Mukatero yendetsani nsongayo m'mng'alu monse, mukukumba kangalande kolowa mpaka theka la kuchindikala kwa pulasitiki.

Tengani kamzere kanu kaja, mukagoneke m'kangalandemo, muzisungunula iko pamodzi ndi makoma a kangalande nthawi imodzi. Chinsinsi chili apa: zonse ziwiri zisungunuke n'kusakanikirana. Mukangodonthezera pulasitiki yosungunuka pamwamba pa yozizira, palibe chimene mwawotcherera. Yendani pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu, n'kusalaza, n'kupitirira.

PP imasungunuka pa madigiri 160 mpaka 170, pamene soldering iron imatentha kupitirira 300. Ndiye yang'anirani. Pulasitiki ikasungunuka bwino imanyezimira n'kufewa, utsi umakhala wochepa. Mukaona utsi wambiri, thovu, kapena mtundu ukusanduka wofiirira, mukuipsereza, ndipo yopserera ilibe mphamvu. Zulani pulagi kwa kanthawi, nsonga izizireko. Ntchitoyi chitirani panja, mphepo ikuchotsa utsi kumaso kwanu, ana ali kutali.

Mzere woyamba ukatha, dulani gozi wokwana kuphimba mng'alu wonse ndi kupitirira pang'ono mbali zonse. Muikeni pamwamba, muzimukanikiza ndi soldering iron mpaka amire m'pulasitiki, pulasitikiyo n'kutulukira m'timabowo take. Yambirani pakati kupita m'mbali kuti asafufume. Kenako sungunulirani timizere tina pamwamba pake kuti waya asaonekere, apo ayi adzachita dzimbiri mvula ikayamba. Pamene mng'alu wafika m'mphepete mwa bampala ikanipo pulasitiki yochulukirapo, chifukwa ukafuna kuyambiranso umayambira pomwepo.

Magetsi akazima ntchito ili pakati, sikuti zathera pomwepo. Ikani sikuludiraiva yakale yafulati kapena kachitsulo kafulati pa mbaula, muzigwiritsa ntchito m'malo mwa soldering iron. Ndi bwino kukhala ndi ziwiri, ina ikugwira ntchito ina ili pamoto. Isafike pofiira. Ipukuteni phulusa musanakhudze pulasitiki, ndipo mbaulayo ikhale kutali ndi galimoto, sipiriti ndi acetone.

Lekani zizizire zokha, osathira madzi. Zikazizira gwirani mbali zonse ziwiri mupinde pang'ono. Mukamva kulira kapena kuona mzere ukutseguka, bwerezani pamenepo. Zikalimba, matulani tepi ya kutsogolo. Ngati kamzere kakuoneka kwambiri, kumbani kangalande kosaya kutsogoloko, mudzaze chimodzimodzi, n'kusalaza ndi sandipepa wa 180.

Timakutu tomangira bampala tikathyoka, njira ndi yomweyi. Dulani kachidutswa kofanana ndi kakhutu kakaleko, mukawotcherere ndi gozi m'kati, mukabooleko kakazizira.

Bampala imene yangobonyoka popanda kung'ambika ndi yosavuta. Wiritsani madzi m'ketulo, muthire pang'onopang'ono pamalo obonyokawo, kenako mukankhe kuchokera kumbuyo ndi dzanja lokulunga chiguduli kapena ndi mpini wa hamala. Ikabwerera, igwireni pomwepo wina athire madzi ozizira. Mwina mudzabwereza kangapo, ndipo kakhwinya pang'ono kangatsale pamene panali ngodya.

Za ABS

Girilo kapena chikuto cha galasi chikasweka, dulani tizidutswa ta ABS ina yakufa, mutiike m'botolo lagalasi la chivindikiro, muthire acetone wongokwana kutimiza, mutseke. Pofika mawa tidzakhala titasungunuka ngati phala la mwana. Kwechani kumbuyo kwa mng'alu, pakani acetone pang'ono m'milomo yake, lumikizani, n'kupaka zosungunukazo kumbuyo. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, mukudikira kuti ziume, kusiyana ndi kuunjika kamodzi. Zisiyeni tsiku lathunthu. Acetone asadonthere kutsogolo, amadya penti ndi pulasitiki yomwe, ndiponso sachedwa kugwira moto.

Njira ija ya supagulu ndi soda wophikira imagwira pa ABS, makamaka pa tizinthu ting'onoting'ono tosapindika. Mumadontheza guluu, kuwaza soda, nthawi yomweyo n'kuuma gwa. Koma imauma mopanda kufewa, ndiye pamalo ogwedezeka imasweka. Imatenthanso ndi kutulutsa mpweya woyabwa m'maso, choncho musaweramirepo.

Zonyezimira ngati siliva zija zikayamba kusendeka, palibe mankhwala obwezera kunyezimirako pakhomo. Mungazikweche n'kuzipaka penti wakuda, kapena kukagula zina kwa ogulitsa zipangizo zochotsa ku galimoto zakufa. Posenda chenjerani, timakoko take timacheka zala.

Lamba wa m'mbali mwa zitseko ndi mabaji

Zimenezi zambiri zimamatidwa ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri. Ikatopa ndi dzuwa, nsonga ya lamba imayamba kutukuka, ndipo mwana wodutsa amaimaliza. Musathiremo supagulu kapena kontaki. Zimaononga penti wa chitseko, ndipo tsiku lofuna kuchotsa mudzalira.

Musanachotse lambayo, matani tepi ya pepala m'mphepete mwake pamwamba, kuti mudzadziwe mzere wobwezerapo. Imikani galimoto padzuwa kanthawi kuti guluu wakale afewe, kenako lowetsani chingwe cha mbedza kuseri kwa lamba, muzichikoka uku ndi uku mukutsetsereka. Osatukula ndi sikuludiraiva, ndipo osapinda lamba, chifukwa ena ali ndi kachitsulo m'kati kamene kakapindika sikawongokanso. Malamba ena ali ndi makilipi kuwonjezera pa tepi. Chingwe chikakodwa, musakakamize, suzumirani kaye.

Chotsani zotsalira zonse za tepi yakale, pa lamba ndi pa chitseko. Chala chachikulu chimazikulunga bwino zikakhala zofunda. Zokanirira zifewetseni ndi parafini pang'ono, koma mukatero tsukani ndi sopo, chifukwa parafini amasiya mafuta. Malizani ndi sipiriti pa kansalu koyera, ndipo pamenepo musakhudzeponso ndi zala. Thinner ayi, amafewetsa penti.

Pogula tepi nenani kuti mukufuna ya galimoto, yotuwa, yokhala ngati labala, monga ya 3M ya chikuto chofiira. Yoyera ya siponji ija yomatira zithunzi m'nyumba imamwa madzi n'kumatuka mvula yoyamba. Zonamizira zilipo zambiri pamsika, ndiye yotchipa modabwitsa muikayikire.

Matani tepi pa lamba, mizere iwiri, pamwamba ndi pamunsi, kufika kunsonga kwenikweni. Sendani chikuto pang'ono kumapeto, muyeze lamba pamzere wanu uja, ndipo mukakhutira muzikoka chikutocho pang'onopang'ono mukukanikiza. Tepi imeneyi ikagwira yagwira, mwayi ndi umodzi. Kanikizani mwamphamvu ndi chikhatho lamba yense, kubwereza kangapo. Imafika pa mphamvu yake yonse pakatha maola 72, choncho masiku atatu amenewo galimoto isapite kotsukitsa. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi chitsulo chimakhala chozizira kwambiri moti tepi siigwira bwino, dikirani masana. Mu Okutobala chitirani pamthunzi.

Pulasitiki yakuda imene yatuwa

Pamalo otsukira galimoto mudzamva malangizo ambiri. Ena amati pakani oilo wakale wa injini, ena mafuta ophikira, ena polishi wa nsapato. Zonsezi zimadetsa kwa masiku ochepa, kenako fumbi la Lusaka limakakamira pamenepo, n'kuipa kuposa poyamba. Mafuta a mabuleki ndiye musayerekeze, amasenda penti wa galimoto. Ena amawaula pulasitiki ndi moto, ndipo imadadi nthawi yomweyo, koma kutenthako kumaiumitsa, ikatuwanso imatuwa mwamawangamawanga. Ine njira imeneyi sindiikonda.

Yambani mwaona ngati kutuwako si polishi wa bodi amene anapakika mwangozi. Ameneyo amachoka ndi labala ya pensulo kapena mswachi ndi sopo. Ngati ndi dzuwa, mankhwala odetsera pulasitiki a m'botolo amathandiza, kungoti muzibwereza pakapita nthawi. Chokhalitsa ndi penti.

Kupenta

Pa pulasitiki yakuda yokhakhala, musakweche kwambiri, mungafafanize timadontho take. Ipukuteni ndi kasiponji kokhakhala kotsukira mapoto, mutsuke, iume, mupukute ndi sipiriti. Pamalo amene mwawotcherera, salazani ndi 180, kenako 320, kenako 600 wonyowetsa. Filler, uja wodzazira pobonyoka pa bodi yachitsulo, ndi wouma, pabampala amasweka ikapindika. Ngati pakufunika kudzaza, funsani wa pulasitiki, ndipo mupake mopyapyala.

Pa PP, penti sagwira popanda plastic primer. Ameneyu ndi wosiyana ndi primer wotuwa wa zitsulo. Amaoneka ngati madzi, ndipo mumangowaza kamodzi kapena kawiri mopepuka. Mukamudumpha kuti musunge ndalama, penti adzayamba kusendeka tsiku limene achinyamata a kotsukira adzalozepo paipi yamphamvu.

Phimbani zonse zozungulira ndi nyuzipepala ndi tepi ya pepala. Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri, muyesere pa katoni. Wazani muli pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 25, dzanja likuyenda, kuyambira kunja kwa chinthucho n'kukathera kunja. Ulendo woyamba ungochita ngati nkhungu, pulasitiki ikuonekerabe. Dikirani mphindi 10, muwazenso, mpaka katatu. Penti akayenderera, musamukhudze. Mulekeni aume mpaka mawa, mukweche ndi 600, mubwereze. Wakuda wosanyezimira ndiye amafanana ndi mmene pulasitiki inalili ikuchoka kufakitale.

Mwezi wa Ogasiti ndi wa mphepo ndi fumbi, ndiye ngati mukupenta nthawi imeneyo sankhani m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo wazani madzi pansi pozungulira. Tsiku la mitambo ya mvula penti amatuwa pouma, dikirani louma.

Ngati bampala ndi ya mtundu wa galimoto, musasankhe penti ndi maso. Pa Toyota nambala ya mtundu imalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala kamene kali m'chipinda cha injini kapena pa mzati wa chitseko: 040 ndi woyera wamba, 070 ndi woyera wonyezimira, 1F7 ndi siliva, 202 ndi wakuda. Pitani nayo nambalayo kwa osakaniza penti, mutengenso kachitseko ka pothirira mafuta kuti ayerekeze, popeza penti wa galimoto yanu wasintha ndi dzuwa. Woyera wamba ndi wakuda mungapente nokha. Siliva ndi woyera wonyezimira ndi ovuta kufananitsa ndi chitini, ndiye pamenepo ndi bwino inu muwotcherere ndi kusalaza, kupentako mukapereke kwa odziwa. Mtengo umatsikabe, chifukwa ntchito yambiri mwagwira kale.

Musanabwezere bampala, yang'anani chitsulo chimene chimakhala kuseri kwake. Ngati chapindika, kapena nyali yasuntha, kapena boneti sikutsekeka bwino, kugundako kunapitirira pulasitiki, ndipo zimenezo n'za amakaniko. Ngati zonse zili bwino, lumikizani mapulagi, kolekani bampala kuyambira pakati kupita m'mbali, mulowetse mabawuti onse mosalimbitsa. Onani kuti mpata wa pansi pa nyali ndi wofanana mbali zonse, kenako limbitsani n'kukhoma makilipi. Pomaliza yatsani nyali za m'munsi, mupinde chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku, mumvetsere ngati pali chimene chikukhula tayala.